UMOYO WANU: Mapilisi a kolesterolo na "kit" ya ma ulcer sizimvana

Sabata ino nkhani ni ya imwe amene mumamwa kapilisi ka kolesterolo tsiku lililonse. Yang'anani pa kabokosi. Ngati palembedwa simvastatin kapena atorvastatin, khalani pansi tikambe. Mankhwala awa, ocedwa ma statin, ni abwino: amacepetsa mafuta oipa m'magazi, amateteza ku stroke na matenda a mtima. Vuto imayamba akakumana m'thupi na ma antibiotic awili, clarithromycin na erythromycin.

Clarithromycin ambili munamwapo osaidziwa dzina. Imapezeka mu "kit" ija ya zilonda za m'mimba, yopha kacilombo ka H. pylori, pamodzi na antibiotic ina monga amoxicillin na mankhwala ocepetsa asidi monga omeprazole, kwa sabata imodzi kapena awili. Erythromycin nayo amapatsa odwala cifuwa na pakhosi, maka-maka amene penicillin siwayanja.

Cimene cimacitika ni ici. M'ciwindi muli enzyme yocedwa CYP3A4, imene nchito yake ni kuphwanya statin kuti icoke m'thupi. Ma antibiotic awili aja amaimanga manja. Manje statin ya dzulo ikalibe kucoka, mwamwa ya lelo, mailo muonjezapo ina. Imaunjikana monga vinyalala pa msika ngati motoka yotola siinabwele. Ikaculuka imayamba kuononga minofu, matenda amene madokota amati rhabdomyolysis. Zotuluka m'minofu yoonongeka zimayenda na magazi n'kukatseka impso, ndipo ena amafika mpaka pa dialysis.

Coipa n'cakuti zizindikilo zake zimanamiza. Thupi kuphwanya, nchafu na mapewa kubaba, kufooka kwakuti olo kunyamuka pa mpando cavuta. Ise tikamva so timathamangila kuti "ni malaria iyi", tagula Coartem, taonjezapo brufen kapena diclofenac, zimenenso zimalemetsa impso zili kale pa mavuto. Yang'anani mkodzo. Ukada monga tiyi wopanda mkaka, kapena ukacepa kwambili, osamwanso statin, pitani kucipatala tsiku lomwelo na mabokosi onse m'manja. Kuli test ya magazi yocedwa CK imene imaonetsa ngati minofu ikuonongeka.

Si aliyense wosakaniza amene amadwala, iyayi. Koma ngozi ni yaikulu kwa opitilila zaka 65, odwala impso, na omwa statin ya mlingo waukulu. Amene muli pa ma ARV okhala na ritonavir, naimwe mvetselani: amamanga enzyme imodzimodzi, ndipo simvastatin siiloledwa kumwela pamodzi na iwo.

Nanga ticite bwanji? Kukamba cabe. Statin anakulembelani ni ba dokota ba ku kiliniki ya BP, "kit" akukupatsani ni wina ku chemist ya mu komboni. Anthu awa sadziwana. Amene adziwa zonse zimene zimalowa m'kamwa mwanu ni imwe mweka. Musanalandile antibiotic iliyonse, nenani kuti, "Ba dokota, nimamwa simvastatin, izi zimvana?"

Njila ziliko. Angakuuzeni kuimika statin masiku amene mukumwa antibiotic, n'kuyambanso mukatsiliza; kupumula kwa masiku ocepa sikubweza mafuta onse m'mitsempha. Angasankhe antibiotic ina, cifukwa amoxicillin ilibe vuto iyi ndipo azithromycin siimanga enzyme ija monga anzake. Kapena angakusinthileni ku statin ina monga rosuvastatin, imene siidalila kwambili CYP3A4. Cosankha ni ca ba dokota. Osataya statin mweka kwamuyaya cifukwa ca mantha, mtima ukali kuifuna.

Imwe amene musunga ba mai na ba tate kunyumba, tengani foni lelo mujambule mabokosi a mankhwala awo onse, maina na ma mg aoneke bwino. Tsiku lopita nawo kukiliniki, onetsani zithunzi izo musanafunsidwe.

Tionane sabata ya mawa.