Ndani Aumba Njerwa za Sukulu?

Pa nyengo ya cilimwe, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, m'midzi yambiri ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke mumamveka mau a nyakwawa wolengeza kuti mawa kuli nchito ya pa sukulu. Munthu wofuna kudziwa amene aukonda mudzi wao alawire ku dambo kumene akumba dothi, nawerenge anthu ali komweko. Adzapeza amai obereka ana kumbuyo atasenza zidebe za madzi, nkhalamba ziwiri zitatu ziri kuponda matope, ndi ana a sukuluyo ali kuyala njerwa padzuwa. Amene sadzawapeza ndiwo anyamata ndi atsikana amene anatsiriza maphunziro ao pa sukulu yomweyo. Iwo ali pa khonde la sitolo ndi foni m'manja, ndipo wina akawafunsa cifukwa cace ca kusabwera, amayankha ndi funso limodzi lokha: "Kodi kuli malipiro?"

Funso limeneli siliyenera kusekedwa, pakuti mnyamata wosowa nchito ali nayo njala yeniyeni, ndipo sopo sagulidwa ndi mau othokoza. Koma wolifunsayo akadayamba wadzifunsa kuti cipinda cimene iye anaphunziriramo kulemba dzina lace cinamangidwa ndi yani, ndipo womangayo analandira zingati.

Pamene a Mishoni ya Dutch anakhazikika pa Magwero m'caka ca 1899, ndiponso pamene a mishoni ena anafika pa Kachebere ndi pa Msoro, masukulu a m'midzi sanamangidwe ndi ndalama za Boma. Eni mudzi ndiwo anatema mitengo, namweta udzu, namata zipupa ndi kuzira pansi. Iwo omwe ndiwo anammangira nyumba mphunzitsi, nampatsa ufa kufikira munda wace utaca. Boma la atsamunda linayamba kusamalako za maphunziro a anthu akuda m'caka ca 1925, ndipo linayenda mozengereza kotero kuti sukulu ya sekondale ya Munali inayamba mu 1939. Pofika tsiku la ufulu, pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu ace otsiriza maphunziro a yunivesite pafupifupi 100 okha. Zaka zotsatira zija masukulu anaculuka mofulumira, ndipo m'midzi yambiri makolo anaumba njerwa ndi kumanga okha zipinda ndi nyumba za aphunzitsi, Boma nkutumiza mphunzitsi ndi mabuku. Ngakhale Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, inamangidwa ndi thandizo la anthu wamba amene anasonkha cimene anali naco.

Ambiri mwa anthu amenewo sanali kudziwa kuwerenga. Anamanga nyumba imene iwo eni sanadzalowemo, kuti mwana wa mnansi wao adzagwire colembera. Tsono ncinthu cocititsa manyazi kuti mwana ameneyo, atatuluka ndi setifiketi, aime patali manja ali m'thumba, nayese matope cinthu cosayenera munthu wophunzira. Ngati maphunziro amcititsa munthu kunyansidwa ndi dothi limene linamphunzitsa, ndiye kuti penapace pa njira anaphunzira cinthu colakwika.

Ndipo asanene wina kuti ophunzira anali otero ciyambire. Mabungwe oyamba a anthu akuda m'dziko lino anayambitsidwa ndi aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki osalandira kanthu pa nchitoyo. Pa Mwenzo, Donald Siwale ndi David Kaunda anali pakati pa atsogoleri a bungwe loona za ubwino wa anthu, limene linadzutsidwanso mu 1923. Mabungwe otere anafalikira m'matauni a m'mbali mwa njanji ndi kwina, ndipo mu 1946 anagwirizana pansi pa utsogoleri wa Dauti Yamba. Zaka ziwiri pambuyo pace, mu 1948, cigwirizano cimeneci cinasanduka Kongeresi. Amuna amenewo anali kuweruka ku nchito ali otopa, nakhala pansi madzulo pa nyali ya parafini kulemba makalata opita kwa Bwanamkubwa, kudandaula za masukulu, za misika ndi za cipongwe ca m'masitolo. Akadayamba kufunsa za malipiro, msonkhano woyamba ukadatha usanayambe.

Alipo ena amene ali ndi yankho looneka ngati la nzeru koposa. Iwo amati: "Masiku aja anapita. Tsopano liripo Boma lathulathu, ndipo timakhoma msonkho, limange lokha." M'mau amenewa muli coonadi. Mu 2002 Boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ndipo mu 2022 linawacotsa kufikira Giredi 12. M'caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ndalama za citukuko za dera la phungu aliyense, zimene anthu azidziwa ndi dzina loti CDF, zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Zimenezi si zazing'ono. Komatu walira mvula walira matope: malipiro atacotsedwa, ana amene anali kukhala pakhomo anakhamukira ku sukulu, zipinda zinadzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi anapezeka ali kuyang'anizana ndi khamu limene sangathe kulidziwa maina.

Ndiponso ndalama zija siziyenda zokha kufuna mudzi. Pamafunika anthu okhala pansi ndi kugwirizana cimene cisoweka, pamafunika wolemba pempho lomveka bwino ndi kulipereka ku komiti ya citukuko ya wodi, ndi wina wolilondola kufikira yankho litabwera. Kontilakita akafika, pamafunika maso owerenga matumba a simenti pamene atsitsidwa m'galimoto, ndi kuwawerenganso pamene atha. Apa ndipo pagona mlandu wa ophunzira. Amai aja otunga madzi angathe kusenza mcenga tsiku lonse, koma sangathe kuona ngati cilembedwa m'buku la ndalama cifanana ndi cimene cagulidwa. Nchito imeneyo ifuna munthu wodziwa masamu, ndipo munthuyo alipo m'mudzi, koma ali pa khonde la sitolo. Cotero komiti ya makolo ndi aphunzitsi imasankha mlembi amene avutika kuwerenga zimene walemba yekha, ndipo msungicuma asunga ziwerengero m'mutu. Pakasowa ndalama anthu amanong'onezana za kuba, pamene mwina palibe wakuba, koma palibenso buku. Mabungwe ambiri a m'midzi, a citsime ca mpope, a amai osunga ndalama pamodzi, a osamala ana amasiye, afa imfa imeneyi: sanaphedwe ndi umphawi, koma ndi kukayikirana.

Wotsiriza Giredi 12 sapemphedwa moyo wace wonse. Apemphedwa madzulo awiri pa mlungu kuti akhale pansi pa mtengo ndi ana khumi a Giredi 2 amene sanagwirebe zilembo, awawerengetse m'cinenero cao. Apemphedwa kulemba zokambidwa pa msonkhano, ndi kuziwerenga mokweza pa msonkhano wotsatira kuti aliyense amve cimene analonjeza. Ndipo iye mwini sacoka wopanda kanthu, ngakhale ici siciyenera kukhala cifukwa coyamba: munthu amene anasungapo buku la komiti zaka ziwiri ali ndi conena pamaso pa wolemba nchito, pamene mnzace ali ndi pepala lokha.

Koma mlandu uwu suli mbali imodzi, ndipo kukakhala kusaona mtima kudzudzula acinyamata okha. Makolo akale anali ndi dima. Mwini munda anali kufulula mowa kapena kuphika thobwa, naitana anansi kudzamlimira. Onse anali kudziwa kuti nchitoyo iyamba m'mawa, itha dzuwa litapendeka, ndi kuti mawa lace mwini mundayo adzatenga khasu kukalimira wina. Anali nalonso liu loti thangata, limene poyamba linatanthauza kuthandiza. Eni minda ikuluikulu a ku Nyasalande analitenga liu labwinoli, naliyesa dzina la nchito yokakamiza yolipira malo okhalapo, ndipo kuwawa kwace kunali cimodzi mwa zinthu zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Liu lokoma lingathe kubisa goli. Masiku ano liu lokomalo ndilo "kudzipereka."

Nchito yodzipereka isanduka thangata pamene oilamula saigwira. M'midzi yambiri muli akuluakulu amene pa msonkhano alankhula mokweza za citukuko, koma tsiku la matope atumiza mkazi kapena mwana wa mlongo wao. Ndipo iwo omwe ndiwo aweruza kuti mai wamasiye amene sanabwere alipe nkhuku. Isandukanso thangata pamene thukuta la anthu liseweredwa. Ndani sanaonepo ng'anjo ya njerwa itaima pambali pa sukulu, udzu utamera pamwamba pace? Anthu anauzidwa kuti aumbe msanga pakuti malata ndi simenti ziri m'njira. Anaumba, natema nkhuni, nacezera usiku kusonkhezera moto. Wolonjeza uja anapita ndi galimoto lace masankho atatha, mvula ya zaka zitatu nigumula ng'anjoyo. Caka cinaco nyakwawa akaitananso anthu, asadabwe kuona kuti abwera owerengeka. Si ulesi umenewo. Ndi cikumbumtima ca anthu onyengedwa.

Woposa onse pa kusenzetsedwa katundu wosayenera ndiye mphunzitsi wodzipereka wa m'sukulu za anthu eni. Mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975, cuma ca dziko cinafooka, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 ana ambiri, makamaka amasiye a mliri wa Edzi, analibe malo kapena ndalama zolowera sukulu za Boma. Anthu anayamba masukulu ao m'nyumba za mapemphero, m'misasa ndi pansi pa mitengo. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba mu 1992, ndipo masukulu otere anafika m'zikwi. Lamulo la Maphunziro la 2011 linawavomereza monga mtundu umodzi wa masukulu a m'dziko. Koma amene anaima patsogolo pa ana m'masukulu amenewo kawirikawiri anali mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo, wosaphunzira za uphunzitsi, wolandira cidebe ca cimanga caka ca zokolola zabwino, ndi wosalandira kanthu caka ca cilala. Ameneyu sanapereke madzulo awiri pa mlungu. Anapereka masiku onse, caka ndi caka, munda wace nkumera chire. Dima limatha dzuwa likapendeka, koma lace silinathe. Ndipo pamene sukulu yakula, Boma nkutumizako aphunzitsi a ku koleji, iye kawirikawiri amathokozedwa ndi kuomba m'manja, nabwerera kwao wopanda setifiketi ndi wopanda penshoni. Acinyamata aona zimenezi ndi maso ao. Pamene afunsa za malipiro, mwina ali kukumbukira munthu ameneyo.

Cotero amene afuna kuti acinyamata abwere ku dambo ayambe akonza nchitoyo kuti ikhale dima. Idziwike tsiku loyamba ndi tsiku lotsiriza. Nyakwawa, wapampando wa komiti ndi mkulu wa mpingo aoneke ndi khasu, ndipo amene sangathe cifukwa ca ukalamba kapena nchito ya kutali atumize ndalama ya nkhuni poyera, ilembedwe. Njerwa zisaumbidwe pa lonjezo la pakamwa, pakhale kalata. Ndipo nchito imene ifuna munthu tsiku lonse kwa zaka, monga kuphunzitsa kalasi, isachedwe yodzipereka konse, pakuti imeneyo ndi nchito ya malipiro imene Boma liyenera kuisenza. Wogwirizira malo kufikira mphunzitsi atabwera athandizidwe kulowa koleji, kuti zaka zace zisapite pacabe.

Komatu zonsezi sizingacitike pamene odziwa kuwerenga ali kunja kwa msonkhano. Wotsutsa cindapusa ca nkhuku, wofunsa kalata ya malata, wolembera ofesi ya maphunziro ya m'boma za mphunzitsi amene wagwira zaka zisanu osalipidwa, ayenera kukhala munthu wa m'komiti, amene anthu amuona m'matope ndipo mau ace ali nako kulemera. Wodandaula pa khonde la sitolo samveka ku ofesi. Makomiti a makolo amasankha atsogoleri ao pa msonkhano wa onse, ndipo mpando wa mlembi ndiwo umene anthu amaukana kawirikawiri, aliyense nkuloza mnzace. Pa msonkhano wotsatira wa sukulu ya kwao, wotsiriza Giredi 12 akakhale kutsogolo, ndipo pofika pa mpando umenewo aimike dzanja.