“Akadali wamng’ono”: mawu amene anatidyera miyezi 7

Ntchito yanga ndi yomasulira, koma tsiku limene ndinakhala pakati pa dokotala ndi azakhali anga m’chipatala china kuno ku Bulawayo, mawu anandithera. Dokotala anati msuweni wanga, mwana wawo wa zaka 38, ali ndi khansa ya pancreas. Azakhaliwo anachoka ku Dedza ali mtsikana kutsata amuna awo amene ankagwira ntchito ku njanji, ndipo Chingerezi samva. Ndinati, “Azakhali, akuti ndi khansa ya kapamba.” Iwo anafunsa, “Kapamba uja amatupa ndi malungo?”

Si ameneyo. M’Chichewa timatchula ziwalo ziwiri ndi dzina limodzi. Kapamba amene ankanena dokotala amabisala kuseri kwa chifu, amapanga insulin ndi madzi ogaya chakudya. Njira ya ndulu imadutsa m’mutu mwake, n’chifukwa chake chotupa chikamera pamenepo maso amachita chikasu, mkodzo umada, chimbudzi chimatuwa, thupi limayabwa.

Sindikudandaula za mawu okha. Kwa miyezi 7 msuweni wanga ankapita kuchipatala ndi ululu wa pamwamba pa mimba wolasa kumsana. Anawonda mpaka kuboola lamba mabowo ena. Anamupeza ndi shuga amene analibe kale. Ulendo uliwonse ankabwerako ndi mankhwala a zilonda za m’mimba, ndipo titafunsa za sikani, yankho linali lakuti, “Akadali wamng’ono, matenda amenewo ndi a okalamba.” Ifenso pakhomo tinavomereza, chifukwa ndi mawu okoma kuwamva. Mawu amenewa ndi amene ndikulimbana nawo.

Zoonadi, ambiri odwala khansa imeneyi ndi achikulire. Ku America theka la odwala amawapeza nayo atapitirira zaka pafupifupi 70. Koma “ambiri” si “onse”. Ndipo amene amatonthoza wodwala ndi zaka zake amaiwala kuti zaka zomwezo ndiye chuma chake chachikulu. Chithandizo cha khansa imeneyi n’chankhanza. Chiyembekezo chochiriratu chili pa opaleshoni, makamaka ija yotchedwa ndi dzina la Allen Whipple amene anaifotokoza mu 1935, yochotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi chigawo cha matumbo. Mankhwala ophatikiza otchedwa FOLFIRINOX nawonso safuna thupi lofooka. Kafukufuku wa ku France wa mu 2011 anasonyeza kuti odwala amene khansa inafalikira kale ankakhala miyezi 11.1 pa mankhwalawa, poyerekeza ndi 6.8 pa gemcitabine. Wina wa mu 2018, pa odwala amene anachitidwa kaye opaleshoni, anapeza miyezi 54 poyerekeza ndi 35. Onani kusiyana kwake: amene wafika msanga amawerenga zaka, wochedwa amawerenga miyezi. Munthu wa zaka 38 wa mtima ndi impso zolimba ndi amene angapirire zonsezi. Koma mwa odwala asanu, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amapezeka nthawi ya opaleshoni isanadutse.

Wina anena kuti dziko losauka silingajambule aliyense wodandaula m’mimba. Ndikuvomera, ndipo sindikupempha zimenezo. Ndikunena za munthu amene mankhwala a zilonda sanamuthandize kawiri, katatu, amene akuwonda popanda chifukwa, amene shuga wamubwerera mwadzidzidzi, amene maso ayamba chikasu, makamaka ngati amasuta kapena kubanja kwawo kuli khansa ya kapamba, ya m’mawere kapena ya thumba la mazira. Anthu otere si chikwi pa tsiku. Kuwatumiza ku sikani ya CT n’kotsika mtengo kuposa miyezi 7 ya mapiritsi olakwika, mathiransipoti ndi maliro.

Winanso anena kuti khansa imeneyi imapha ngakhale kwa olemera. N’zoona: ku America, mwa odwala 100, pafupifupi 13 okha ndi amene amafika zaka 5. Sindinganene kuti msuweni wanga akanachira. Koma akanakhala ndi mwayi wosankha. Akanatsegulidwa njira ya ndulu msanga, akanalandira mofini ululu usanamulande tulo, akanakonza za ana ake awiri mutu ukugwira bwino. Kudziwa msanga kuli ndi phindu ngakhale kwa amene sachira.

Mzinda uno suyenera kuphunzitsidwa kuwerenga khansa. Kaundula wa khansa wa ku Bulawayo anayamba mu 1963 pa chipatala cha Mpilo, mmodzi mwa oyambirira mu Africa. Kuyambira mu 2024 boma likutolera msonkho pa shuga wa m’zakumwa, limene linati ndi wogulira zipangizo za khansa. Tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zafika pati, ndiponso ngati zikuganizira zopimira, osati zowotchera zokha. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Nanga n’chifukwa chiyani mayi wa ku Makokoba amve za imfa ya mwana wake kudzera mwa mphwake amene akuchita kusakasaka mawu pakhomo la wodi?

Pamenepo ndikudziloza chala ndekha ndi omasulira anzanga. Timathera zaka pa ndakatulo, koma zizindikiro zisanu za matenda akupha sitinazilembe m’chinenero cha amayi athu. Ine ndayamba: ndimati “kapamba wa shuga”, ndipo azakhali amamva.

Msuweni wanga anamwalira patatha milungu 9 chipimidwire. Inu amene mukuwerenga, m’bale wanu akabwerako kachitatu ndi mapiritsi omwe aja, mupite naye. Akakuuzani kuti akadali wamng’ono, muyankhe mwaulemu kuti n’chifukwa chake mukufuna amujambule lero.