Cheni ikakolana, cotsani phazi pa pedulo

Mwezi watha mwana wa mlongo wanga anafika pakhomo dzuwa litapendeka, akukankha njinga, mabokosi awili a tomato ali pa keliya. Ananyamuka m'mamawa kuti akagulitse ku msika mu Chipata, koma sanafike. Pa kacitunda kena cheni inagwa n'kulowa pakati pa masipoko na sipuloketi yaikulu ya kumbuyo. Iye atamva kulimba anayesa ni cikweza cabe, anaimilila n'kuponda na mphamvu zonse. Masipoko anayi anaduka, wilo inapindika, ndipo kacitsulo kosinthila magiya kanakhotela mkati. Tomato wakupsa sayembekeza munthu.

"Amalume, ni tsoka," anatelo. N'namupatsa madzi akumwa, koma tsokalo n'nakana. Cheni siikolana mwadzidzidzi. Imayamba kudandaula masabata angapo: kulila, kudumpha mano, kugunda felemu pa mabampu. Ndipo ikagwa, zambili zimene zimawonongeka siziwonongedwa na cheni, koma na phazi la mwini njinga.

Ise a ku Eastern tinakulila pa njinga za giya imodzi, monga Eagle zimene anali kupanga ku Luangwa Industries mu Chipata momwemo. Pa njinga zotelo cheni ikagwa, mwana aliyense adziwa: uikoleka pa sipuloketi ya kumbuyo, uiika pa mano angapo a kutsogolo, uzungulutsa pedulo pang'onopang'ono, yakwela. Lomba kwadzala njinga za magiya za salaula. N'zopepuka, zikwela phili bwino, koma tazilandila na nzelu za Eagle, zakuti cinthu cikalimba ponda. Apo m'pamene ndalama zikuthela.

Cheni ikakolana, coyamba ni kutsika. Tsitsani katundu, ngakhale muli na ulesi womasula malegeni. Pa njinga ya magiya, kankhilani kutsogolo kacitsulo kolendewela kaja, kamene kali na tumawilo tuwili, kuti cheni ikhwepe. Ikalowa ku masipoko, igwileni na nsanza, muikokele m'mwamba na kumbuyo, kutsata njila imene inalowela, uku mukubweza wilo pang'ono. Ikakana, masulani manati mucotse wilo. Anthu amaopa kucedwa na sipanala, koma amalolela kukhoma na mwala, ndiye kupinda timapuleti twa cheni. Cheni yopindika imadzagwanso mawa.

Pali kukolana kwina kumene kumazunguza mitu ngakhale ya akuluakulu. Mwacotsa wilo kuti mumate cubu, pobwela mupeza cheni yapanga tumalupu tuwili, ngati wina waimanga mfundo. N'naonapo bambo wina akuidula na msomali na hamala, ati palibe njila ina. Koma taganizani: ngati cheni simunaidule, mfundo yeniyeni ingalowemo bwanji? Cheni imapinda mbali imodzi cabe, ndipo tumalupu tuja tumabwela tuwilituwili, kena kopotokela uku, kanzake kopotokela uko. Kulitsani kalupu kamodzi, mukayendetse m'cheni mpaka kakumane na kanzake, mutembenuze, tonse tumasuka. Kukoka ndiye kumatumanga kwambili. N'zocititsa manyazi pang'ono kuti nchito yofuna zala ziwili timaiitanila hamala.

Koma nkhani yanga yaikulu ni ya mafuta. Pafupifupi aliyense amene nidziwa amathila oilo yakuda yocoka mu injini, cifukwa ni yaulele ku galaji. Amathila yambili, mpaka cheni iwala, mtima n'kukhala pansi. Oilo imeneyo yabwela kale na zinyalala za mu injini, ndipo pa misewu yathu ya fumbi, makamaka kuyambila August mpaka mvula itagwa, imagwila mcenga. Mafuta na mcenga zikasakanizana zimakhala ngati phala lonolela, limadya tumapini twa mkati mwa cheni pa kuponda kulikonse. Timati cheni "yatamuka", koma citsulo sicinatamuke ai. Ni tumapini twadyeka, mpata wakula pa mfundo iliyonse, ndiye cheni yatalika, siikhalanso bwino pa mano.

Ena adzati, "Nanga tigule mafuta a m'sitolo na ndalama ziti?" Funso n'labwino, ndipo sinikunena kuti cheni iziyenda youma. Oilo yakuda iposa kusathila ciliconse. Koma cofunika kwambili si mtundu wa mafuta, ni kacitidwe. Tsukani cheni na palafini na kaswaci kakale, iume, dontheza kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse, zungulutsani, ndiyeno pukutani kunja konse na nsanza. Mafuta agwila nchito mkati, akunja ni oitana fumbi cabe. Kabotolo kamodzi ka oilo yatsopano kangakutheleni miyezi yambili mukamacita telo.

Kudziwa ngati cheni yatha sikufuna makanika. Pa cheni ya njinga iliyonse, kucoka pa pini imodzi kufika pa inzake ni hafu inchi. Conco pa cheni yatsopano, mukaika lula ya mwana wa sukulu pakati pa pini imodzi, cizindikilo ca mainchi 12 cigwela ndendende pakati pa pini ina. Pini ikapitilila na milimita imodzi na hafu, gulani cheni. Ikapitilila na mamilimita atatu, mwacedwa, mano a sipuloketi nawonso adyeka ndipo cheni yatsopano idzayamba kudumpha. Apa m'pamene nimasiyana na anzanga amene amacotsako mfundo imodzi kuti cheni ilimbe. Yafupika, inde, koma yotsalayo ikali yodyeka, ndipo ikudya masipuloketi amene ni odula kuposa iyo.

Pa njinga ya giya imodzi, kaya ni Eagle yakale kapena Buffalo imene keliya yake inapangidwa kunyamula makilo 100, cheni iyenela kusewela pafupifupi sentimita imodzi mukaikankha na cala pakati. Ikapitilila, masulani manati, bwezani wilo kumbuyo, muone kuti yakhala pakati musanamange. Kakilipu kotsekela cheni, mbali yake yotseka iyang'ane kumene cheni ikupita. Pa ya magiya pali tumasikuluu tuwili tolembedwa H na L. Ka L ndiko kaletsa cheni kudumphila ku masipoko, ndipo pa njinga ya mwana wa mlongo wanga kanali komasuka kuyambila tsiku limene anaigula. Kambale kapulasitiki koteteza masipoko anakathyola yekha, ati kanali kucita phokoso.

Tinapita nayo kwa makanika wa pansi pa mtengo wa mango. Anamanga masipoko, anawongola wilo, ndipo cheni n'nagula ine, cifukwa tomato anali atagulitsidwa pa mtengo wotaya kwa amayi a m'mudzi. Makanika atafuna kuthila oilo yakuda ya m'cigubu cake, mnyamata anamugwila dzanja, n'kutulutsa kabotolo m'thumba.