Wotchi yonyezimira isatipusitse

Tsiku la msika pa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, simulephera kuona mawotchi onyezimira atayalidwa, ena olembedwa Rolex, ena Omega. Mlimi amene wangogulitsa soya kapena fodya akawaona, mtima dyokodyoko, basi wagula.

Tinene mosapsatira: Rolex yeniyeni imapangidwa ku Switzerland ndipo mtengo wake ndi mamiliyoni a kwacha. Yogulitsidwa pamtengo wa nkhuku ndi yabodza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Posakhalitsa mtundu wasuluka, mivi yaima.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amisiri aja ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso, akusowa chifukwa ambiri tikuonera nthawi pafoni. Wotchi ikafa lero, imangotayidwa, ndalama n'kupita nayo.

Ife tikuti wogulitsa azinena zoona, ndipo bungwe la CFTC, lomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula, lizifikanso m'misika yakumudzi. TEVETA nayo iganizire zophunzitsa achinyamata lusoli pamodzi ndi lokonza mafoni.

Inu ogula, Casio wamba yosunga nthawi iposa Rolex yabodza. Thukuta la dzinja lonse lisathere pa dzina.