Tsokonombwe Alibe Fupa la Msana

Ana asukulu a ku Zakazaka amaloweza magulu awiri a nyama monga anawalongosolera Lamarck wa ku France mu 1801. Za fupa la msana ndi monga mlamba wa ku Chilwa, chule, njoka, njiwa ndi anyani a m'phiri la Zomba. Zopanda fupalo ndi monga nkhono, ngumbi ndi njuchi.

Kuloweza kokha kumachititsa mwana kupeputsa gulu lachiwirili, chonsecho mitundu ya nyama yoposa 90 pa 100 iliyonse ili m'menemo. Makolo sankalipeputsa. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Choncho aphunzitsi azitulutsa ana m'kalasi, akasanthule okha mlamba ndi ngumbi. Mwana wonyoza tizilombo adzapopera mankhwala mosasamala, njuchi n'kutha, maungu osabereka.