Nyimbo Zisadikire Maliro

Palibe munthu wokhala mumzinda uno wa Blantyre, kaya ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe, amene sadziwa m'mene ife timaimbira pamaliro: amayi a Mvano atakhala m'nyumba ya siwa, makwaya atadzaza pabwalo, nyimbo zikulandizana kuyambira madzulo kufikira tambala atalira, kotero kuti namfedwa, ngakhale mtima wake uli wosweka, sachezera yekha ndi chisoni chake. Mwambo umenewu ngwokoma ndithu. Koma nanga mawu okomawa amakhala kuti pa miyezi ija imene mwana ali chigonere, makutu ake akali kumva?

Ku chipatala cha Gulupu, chimene dzina lake lenileni ndi Queen Elizabeth, kunayamba m'chaka cha 2002 ntchito yotchedwa Umodzi, yosamalira ana amene matenda ao, monga khansa, Edzi ndi nthenda za mtima, afika poti kuchira nkokayikitsa. Ndipo chaka chotsatira panabadwa Tiyanjane, yochitira akuluakulu zomwezo. Maziko a ntchito yotere anaikidwa ndi mayi Cicely Saunders, amene anatsegula nyumba ya odwala ya St Christopher's ku London mu 1967, naphunzitsa kuti ululu wa munthu woyandikira imfa suli m'thupi mokha, koma ulinso m'maganizo, m'banja ndi mumzimu. Boma lathu linavomereza nzeru imeneyi pokhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro chotere mu 2014.

Ululu wa m'thupi uli ndi mankhwala ake, ndiwo mofini wamadzi, amene mwana ayenera kulandira pa nthawi yake, ndipo nyimbo isalowe konse m'malo mwake. Koma dokotala akachita mbali yake, patsala mantha amene supuni ya mankhwala siingawafikire: kuopa mdima wa m'wodi, kusowa abale otsala kumudzi, ndi funso lija limene mwana alisunga mumtima chifukwa waona kuti akulu akulizemba. Mwana wa zaka zisanu sangatsate ulaliki wa abusa, ngakhale utakoma chotani. Koma kolasi imene anaphunzira ku Sande sukulu aidziwa, ndipo ikamveka akumbukira kuti iye ndi mwana wa pakhomo pena, wodziwika kwa Mulungu ndi kwa anthu. Ngakhale Malembo atiuza kuti pamene mzimu wa mfumu Sauli unasautsika, anamuitanira mnyamata Davide woimba zeze, ndipo mfumuyo inapeza mpumulo.

Amene anachezerapo m'wodi ya ana anaonapo mayi atakhala m'mphepete mwa bedi, chitenje chili m'mapewa, pambali pali mwana wotupa tsaya ndi khansa ya Burkitt amene walephera ngakhale phala, mayiyo akung'ung'udza nyimbo ija anamtonthoza nayo ali kumsana, dzanja likusisita msana mwa kayendedwe ka nyimboyo, kufikira mpweya wa mwana utayamba kuyenda mofatsa ndi zikope zitalemera. Mayi ameneyu, amene kwa masabata wakhala wongopenya ena akugwira mwana wake, wapeza ntchito imene palibe namwino angamlande. Ndipo potonthoza mwana wadzitonthozanso mwini.

Alipo ena amene adzati kuimba pambali pa wodwala nkumlosera imfa, ndipo mantha ao si opanda pake, pakuti nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu makutu athu anazolowera kuzimvera kumanda. Yankho lake ndi kusankha mwanzeru. Oimba ayambe apempha chilolezo kwa anamwino ndi kwa makolo. Abwere awiri kapena atatu, osati khamu la ng'oma ndi zokuzira mawu. Afunse mwana mwini nyimbo imene aikonda, ingakhale ya masewera a pabwalo kapena ya pawailesi. Ndipo akaona kuti watopa, aleke. Koposa zonse alemekeze chipembedzo cha banja, pakuti mwana wa Chisilamu wa ku Limbe kapena ku Mangochi ali ndi mapemphero ndi mayimbidwe a kwao, ndipo bedi la mwana wodwala si malo okoperapo anthu kumpingo.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chifukwa chake tipempha atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuyambira ku St Michael and All Angels kufikira ku Limbe Cathedral ndi m'mizikiti ya m'makwalala athu, kuti apatule oimba ofatsa, awatumize kwa ogwira ntchito ya chisamalirochi kuti akaphunzire khalidwe loyenera pamaso pa wodwala, ndipo awalondolere kuchipatala ndi kumakomo kumene ana otere agonekedwa. Kwaya imene ili ndi mphamvu yochezera usiku wonse pamaliro siingasowe theka la ola loimbira mwana akali moyo.