Masika Asatipite Tili M'nyumba

Mvula ikakata, pamene udzu wayamba kufiira m'mapiri, nkhokwe zikulandira chimanga, ndipo chisanu cha Juni chisanafike ndi ukali wake, ndiyo nthawi imene kholo lanzeru liyenera kuzimitsa wailesi yakanema, kumanga mtedza wophika ndi mbatata m'kansalu, ndi kutuluka ndi ana ake; pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ine ndikadasankha Chongoni, ku Dedza. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula zam'mapanga, amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ndipo mwana akaima pansi pa thanthwe la ku Mphunzi, nayang'ana mizere yofiira imene Akafula adasiya, pamodzi ndi zinyama zimene makolo athu Achewa adajambula ndi dothi loyera, amafunsa mafunso amene choko cha mphunzitsi sichingawadzutse. Ena adzati ulendo umadya ndalama. Zoonadi umadya; nanga zija zimathera pa mowa wa masika, ndani amaziwerenga?

Inu akuluakulu, nyamulani majuzi, pakuti mphepo ya ku Dedza sinyengerera mlendo, ndipo pitani mwezi wa Meyi usanathe.